Ganyu Yolipira Wekha ku Munich

Pali ganyu imodzi yokha pa dziko lapansi imene munthu amadzukira tambala woyamba, kukwera chitunda, kuima pamzere, kukha thukuta, madzulo n'kupisa m'thumba kumulipira mwini munda. Ganyu imeneyi amaitcha kukaona malo, ndipo amene timailimbikira kwambiri ndife anthu wamba, ife tomwe amene timakalipira kondakitala minibasi ikatitsitsa patali ndi chipata. Umboni wanga ndiutenga ku Munich, likulu la chigawo cha Bavaria kumwera kwa Germany, mzinda wa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni. Mlandu wake ndi wakuti mlendo akangotula chikwama mu mzindawu, amayamba kufunsa njira yotulukira. Ndinene msanga kuti woimbidwa mlandu woyamba ndine ndemwe, pakuti mtima wanga ndimaudziwa: ukaona mapu umachita ngati mwana wa pa ukwati, mbale ili m'manja koma maso ali pa mbale ya mnzake.

Tiyambe ndi Neuschwanstein, nyumba yachifumu ya pamwamba pa thanthwe imene alendo ambiri amathamangira. Kuchokera ku Munich ndi maola pafupifupi awiri pa sitima kukafika ku Füssen, kenako basi kukatsikira ku Hohenschwangau, kenako chitunda cha theka la ola kapena kuposerapo, pokhapokha ukalipira ngolo ya akavalo kapena basi ina. Tikiti yako inalembedwa kale nthawi yolowera, ndipo ukachedwa wadziluza, chifukwa kumeneko nkhani ya "ndili m'njira, bwana" saidziwa. Ukalowa amakuyendetsani ngati mbuzi zopita kudibi kwa mphindi pafupifupi 30, basi ulendo watha. Ndiye tawerengerani nokha, abale: maola anayi pa sitima, ena pa basi ndi pa chitunda, zonsezo kuti uone nyumba yosatha. Mfumu Ludwig II inayamba kumanga mu 1869, inkafuna zipinda pafupifupi 200, koma zimene zinamalizidwa ndi pafupifupi 15 zokha. Inagonamo masiku osafika 200. Ngongole zitaikwana, nduna zake zinalengeza kuti mutu wake suli bwino, ndipo mu 1886 inapezeka itafa m'nyanja ya Starnberg pamodzi ndi dokotala wake. Nyumba yosatha ndiye yachilendo kwa ife? Ndani alibe m'bale amene nyumba yake inaima pa mawindo, mpaka udzu kumera pabalaza? Kusiyana kwake n'kwakuti m'bale wathuyo salipiritsa pakhomo. Chomvetsa chisoni n'chakuti Ludwig ankamanga pothawira anthu. Patangopita masabata ochepa chimwalirireni, zitseko zinatsegulidwa kwa alendo olipira, ndipo lero mumalowa anthu oposa miliyoni imodzi pachaka. Munthu anakongola ndalama kuti asatione, ife tikukongola ndalama kuti tikamusuzumire kuchipinda.

Chimene chimaulula chinsinsi chathu ndi chithunzi. M'kati mwa nyumbayo saloleza kujambula. Chithunzi chotchuka chija cha nyumbayi, imene inakopa ngakhale a Disney pomanga nyumba yawo ya m'nthano, chimajambulidwa panja, pa mlatho wa Marienbrücke, pamene salipiritsa. Choncho tikiti imagula zimene palibe adzaone, pamene mlatho waulere umapereka zimene zikagwedeze WhatsApp ya pabanja. Apa mpamene ndimaona kuti chimene timakatenga kumeneko ndi lisiti. Tikufuna umboni wakuti tinafika, wakuti ndalama sizinapite padera, wakuti mlamu amene amatiderera uja akhale chete ngakhale sabata imodzi. Kukongola kwa malowo kumabwera ngati basela.

Pamene ife tili pa sitima, mzinda umene tinaulipirira malo ogona umakhala ukusangalatsa anthu ena. Pa bwalo la Marienplatz, 11 koloko ndi 12 koloko masana, mabelu 43 a pa nsanja ya nyumba ya khonsolo amaimba, ndipo zina mwa zidole 32 zimasewera ukwati wa Wilhelm V ndi Renata wa ku Lorraine umene unachitika mu 1568. Asilikali awiri a pa akavalo amalasana, ndipo wa ku Bavaria amapambana tsiku lililonse, kwa zaka zoposa 100 tsopano. Ngakhale Bayern Munich imagonjako nthawi zina. Khamu limayasamabe kukamwa ngati zotsatira sizikudziwika, pomaliza tambala wagolide amalira katatu. Ndikuvomera kuti nachonso ndi chibwana, koma n'chibwana chaulere, choonera utaima pamodzi. Wofuna chitunda angakwere masitepe pafupifupi 300 a nsanja ya tchalitchi cha Alter Peter, ndipo kunja kukayera amaona mapiri a Alps omwewo amene anzake akuwathamangira. Koma chimene chinandigula mtima ndi lamulo la mu 1812 la Mfumu Max I Joseph, lolola ofulula mowa kugulitsa mowa ndi buledi pamalo awo, koma osati zakudya zina. Kuyambira pamenepo, m'mabwalo a mowa achikhalidwe munthu amaloledwa kubwera ndi kamba wake. Amagula chakumwa chokha, n'kukhala pa benchi pansi pa mitengo yamthunzi imene ankadzala kuti mowa wosungidwa pansi pa nthaka usatenthe, n'kumasula phukusi lake popanda woperekera zakudya womuyang'ana ndi diso lofiira. Ine amene ndimabisa chinangwa m'thumba la jekete ndikamapita kulikonse, sindinamvepo lamulo londiganizira chotere.

Wina anena kuti zonsezi ndi ulesi ndi kuuma manja zovala suti. Zoona, zonse ziwiri ndili nazo, ndipo ndazisamala kwa zaka zambiri. Koma dziwani kuti kuuma manja komweko ndi kumene kumatikwezera sitima. Kuli tikiti yotchedwa Bayern-Ticket, imene munthu amayendera tsiku lonse pa sitima za m'chigawomo, kuyambira 9 koloko m'mawa pa masiku a ntchito mpaka 3 koloko usiku, ndipo anthu mpaka asanu angagawane tikiti imodzi. Imafika ngakhale ku Salzburg m'dziko la Austria, kumene Mozart anabadwira mu 1756. Munthu woumira akagwira pepala lotere sapuma. Amaona ngati ola lililonse limene sali pa sitima akumubera, ndiye amapanikiza mapiri, nyanja ndi Mozart m'tsiku limodzi, n'kubwerera usiku osakumbuka kuti soseji ija anaidyera dziko liti. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sindikukana kuti mapiriwo ndi okongola, makamaka chipale chofewa chikawaveka zoyera. Koma Zugspitze, phiri lalitali kuposa onse mu Germany, ndi la mamita 2,962, pamene Sapitwa wa ku Mulanje ndi 3,002. Ambiri mwa ife Sapitwa timangomulozera chala tili pa msewu, koma phiri loperewera ndi mamita 40 tili okonzeka kulilipirira kachipinda koyenda pa chingwe, mwinanso kukapeza mtambo wakutakuta n'kujambula chifunga.

Pali mawu ena olemera amene sindingawayankhe ndi nthabwala, akuti kuyenda kumaphunzitsa. Pafupi ndi Munich, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima ndi basi, pali Dachau. Ndende imeneyi chipani cha Nazi chinaitsegula mu 1933, Hitler atangotenga boma. Pofika pa 29 Epulo 1945, pamene asilikali a America anaimasula, munali mutadutsa akaidi oposa 200,000, ndipo oposa 40,000 anaferamo. Kulowa ndi kwaulere. Ulendo umenewu ndiye woyenera tsiku la munthu, ndipo umatsimikiza zimene ndikunena: ndi malo amodzi, ofuna kuyenda pang'onopang'ono, kuwerenga ndi kukhala chete, opanda chithunzi chonyadira. Manyazi athu ndi akuti ngakhale pamenepa timayang'ana wotchi kuti tikapeze malo ku Hofbräuhaus, nyumba ya mowa imene mbiri yake inayamba mu 1589, osadziwa kuti m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo ndi mmene Hitler analengezera mfundo za chipani chake mu 1920. Phunziro limene timalithamangira kunja kwa mzinda lili pamwamba pa mutu wathu, ife tili kalikiliki kunyamula chikho cha lita ndi manja awiri.

Chotsala ndi funso la abale, ndipo apa mpamene mlandu wanga umatsimphina. Munthu angafotokoze bwanji kumudzi kuti anawoloka nyanja, anavutikira viza, anagulitsa ndi kambuzi komwe, n'kukakhala pansi pa mtengo kudya kamba wake? Azakhali adzafunsa ngati mitengo inatha kuno. Benchi siioneka bwino pa foni. Mthunzi wa ku Bavaria ukaujambula umafanana ndi wa pa sitolo ya pa mphambano, pamene nsanja za Ludwig palibe angazikane. N'chifukwa chake, nditatha kulemba zonsezi ndi mtima wonse, ndikudziwa kumene mudzandipeze tsiku limene Chauta adzandikumbukire: pa mlatho wa Marienbrücke, pakati pa chikhamu, mawondo akunjenjemera chifukwa cha phompho lili pansipo, tikiti ya sitima ili m'kamwa, ndikuchonderera mlendo wa ku Japan kuti andijambule kachiwiri poti koyamba ndinaphethira.