Vinyo wouma wanyowetsa malaya

Ku Jerez de la Frontera, kummwera kwa Spain, mnyamata wina anangoyamba kumene ntchito m'nyumba yosungiramo vinyo wa sherry. Atasuzumira mu mgolo, anapeza chuku choyera chitayandama pamwamba. Anatenga chipande, n'kuwengula chonse. Chukucho ndi flor, yisiti amene amaphimba vinyo wa mphesa za Palomino kuti mpweya usamukhudze. Bwana atafika anagwira kumutu, misozi ili mbwembwembwe. Mnyamata uja anati: "Musandithokoze msanga bwana, yatsala migolo ina 200."

Mlendo wina wowerengera ndalama anamva kuti mgolo umodzi umalowa malita 600 koma amathiramo 500 okha, kusiyira flor malo opumira. Anagogoda mgolo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kenako anakokera mwini malo pambali n'kunong'ona: "Mlonda wanuyu mumamudziwa bwino?"

Agogo ena aakazi anafunsa zaka za sherry wa amontillado amene ankamwa. Woonetsa alendo anayankha kuti funsolo ndi lovuta chifukwa cha solera: "Agogo, timatapa pang'ono m'migolo yakale kwambiri, n'kudzazamo vinyo wocheperapo msinkhu wochokera m'migolo yotsatira, nayonso n'kuidzaza ndi wamng'ono kuposa apo. Wamkulu ndi wamng'ono amasakanikirana, zaka sizidziwikanso." Agogo anaponya ndodo uko: "Ine ndimakhala ndi zidzukulu 9 m'nyumba imodzi. Lembani kuti ndili ndi zaka 25."

Ku Sanlúcar de Barrameda nako kuli zake. Kasitomala wina anauzidwa kuti popanga amontillado, flor akafa, vinyo amamuwonjezera ukali mpaka 17 peresenti, mpweya umayamba kumuphika pang'onopang'ono, mtundu umasanduka wa tiyi wopanda mkaka, ndipo mkamwa mumamveka mtedza wokazinga. Bamboyo anavundula tambula ndi chala, anaiunika padzuwa, n'kuyang'anitsitsa masaya a weyitala: "Achimwene, mtedza wangawo mwatafuna panjira?"

Iyi ndiye ndimaikonda. Mayi wina anadabwa kuti amontillado wake akutsekemera chakumapeto kwa lilime. Wopanga vinyo anati: "Mayi, amontillado weniweni ndi wouma, alibe shuga. Uyu ndi medium, timathiramo Pedro Ximénez pang'ono. Timayamba tamuyanika padzuwa mpaka afote, kenako timamufinya." Mayiyo, osadziwa kuti ndi dzina la mphesa, anaika tambula pansi mwakachetechete: "Abale ake anauzidwa?"

Tikathere ku El Puerto de Santa María. Bambo wina anaona katswiri akutunga sherry ndi venencia, kachikho ka chigwiriro chachitali, n'kuthira mu tambula kuchokera pamwamba pa mutu, osataya ngakhale dontho. Anati nayenso ayese. Anafika kuhotela malaya ali chonyowa, nsapato zikulira fwatafwata. Mkazi wake anafunsa: "Bambo a Junior, mwamwa chiyani?" Iwo anati: "Wouma pang'ono, mayi." Mkaziyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi: "Tsiku lomwa wonyowa mudzanene, ndidzabwereke bwato."