Mlendo ndi Mame, Koma Mame Ena Amaliza Mkonono

Mwambi wakuti “mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka” umalangiza mwininyumba kupirira zovuta za mlendo poti mawa lomwe apita. Amene anaupeka ankadziwa mame akumunda, ogwa usiku mwakachetechete. Ankakhalanso m’mudzi momwe nyumba zimatalikirana: anyamata kugowelo, agogo kukuka, mlendo m’kanyumba kakekake. Mkonono unkathera pabwalo n’kumezedwa ndi kulira kwa achule.

Ku Area 10 mwambiwu umakumana ndi mayeso. Derali linakonzedwa pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu mu 1975. Mapuloti ake ndi aakulu, ndipo kumakhala akazembe ndi akuluakulu ogwira ntchito ku Capital Hill. Mipanda ya njerwa, waya wamagetsi ndi alonda zimatchinga chilichonse chochokera kunja. Koma amalume obwera kudzaonana ndi dokotala ku Kamuzu Central Hospital, kapena kudzatsatira za penshoni, amalowera pageti mwaulemu wonse n’kupatsidwa chipinda choyandikana ndi cha eni nyumba. Mame otsatira penshoni sakamuka ndi dzuwa la tsiku limodzi. Bata limene anthu amalipirira lendi yokwera ndi lomwenso limakuza vuto la mkonono wa amalumewo. Ku Kawale kapena ku Mtandire mkonono umapikisana ndi agalu, mabala ndi mapemphero a usiku wonse, pomwe ku Area 10 umaimba wokha.

Mkonono umayamba munthu akagona tulo tofa nato, minofu yakukhosi n’kulefuka. Njira ya mpweya imachepa, ndipo kanyama kolendewera kukhosi kamanjenjemera mpweya ukamadutsa. Kugona chagada, kunenepa, chimfine ndi mowa zimawonjezera mphamvu yake, choncho mwininyumba wolandira amalume ndi kabotolo madzulo amadzisulira yekha nkhwangwa. Bungwe la WHO limati phokoso la m’chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30. Mkonono wamba umafika pa 50 kapena 60, ndipo akatswiri ake amapyola 80. Mawu ake ndi a besi, amene njerwa siziwagwira bwino. M’nyumba zambiri khoma lolekanitsa zipinda limathera pa siling’i, moti phokoso limakwera kudenga, n’kuwoloka, n’kutsikira pa bedi la mwininyumba.

Njira zodzitetezera zimayamba ndi khutu. Thonje ndi pilo zimangotonthoza mtima. Timasiponji totsekera m’makutu togulitsidwa m’mafamase timadula phokoso ndithu, ngakhale besi imatsalako, ndipo alamu ya m’mawa imadulidwa limodzi. Kenaka pamabwera kukankha katundu: bedi lichoke kukhomalo, wodilopu yodzaza zovala iime pamenepo, ndipo mpata wa pansi pa chitseko utsekedwe ndi chitenje. Fani imathandiza chifukwa ubongo umazolowera phokoso losasintha, pomwe mkonono umaima, kuyambanso, n’kusintha nyimbo. Tsoka lake fani imayendera magetsi, mkonono ayi. Magetsi akazima, jenereta ya aneba, imene masana onse imatukwanidwa, imasanduka mdalitso.

Njira yotsika mtengo kwambiri ikanakhala kuwauza eni mkonono kuti azigona chammbali, kapena kusokerera kampira ka tenisi kumsana kwa malaya awo ogonera. Apa ndi pamene chikhalidwe chimatseka njira. Kwa Achewa amalume ndiye mwinimbumba, ndipo munthu amene anaimira ukwati wa m’nyumbamo sangasokereredwe mpira kumsana. Akakhala apongozi, mkamwini sangayambe n’komwe nkhani ya m’chipinda chawo. Kuwasamutsira ku kanyumba ka antchito kuseri nako n’koopsa, poti mbiri imafika kumudzi pa WhatsApp tiyi asanazizire. Motero m’mawa amalume, nkhope ili ngwee, amafunsa kuti, “Mwadzuka bwanji, aphwanga?” Wofunsidwayo, maso ali psuu, amayankha kuti, “Tadzuka bwino, kaya inu amalume?”

Pali mkonono umodzi wosayenera kupiriridwa. Ukamaduka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kenaka munthu n’kudzidzimuka ngati wotsamwa, ndiye kuti mpweya ukutsekeka m’tulo. Vutoli limakweza BP ndipo limagonetsa munthu masana, ngakhale pachiwongolero. Makina a CPAP, amene Colin Sullivan anayambitsa ku Sydney mu 1980, amapopera mpweya m’mphuno kuti njira isatsekeke. Woyamba kuzindikira matendawa kawirikawiri amakhala wa kuseri kwa khoma, yemwe uja wosaloledwa kulankhula.

Mabanja odziwa zinthu amadzera kwa ana. Mdzukulu ali ndi ufulu woseleula agogo ake, ufulu umene bambo ndi mayi ake alibe. Pa tebulo la m’mawa kamwana kamangoti, “Agogo, m’chipinda mwanu muli chigayo?” Makolo amakadzudzula mokweza kuti amalume amve, ndipo madzulo ake kamwanako kamaguliridwa ayisikilimu ku Pacific Parade.