Malangizo kwa ofuna kuweta tisitima ta ku Japan pa Msundwe pano

Alamu anga abwerako ku Joni ndi matenda achilendo. Anzawo amatsika basi ndi njinga, wailesi kaya bulangete lolemera ngati thumba la chimanga. Iwo atsika ndi kabokosi, m'katimo muli kasitima ka pamtunda, bogi iliyonse kutalika kwake ngati chitsononkho. Akuti nka ku Japan, nkoyendera magetsi, ndipo aitanitsa kale kena. Poti anyamata ayamba kukasirira, ndati ndithandize mtundu matendawa asanafike ku Nsaru ndi ku Kabudula.

Choyamba, pakamwa panu pasatuluke mawu oti chidole. Chidole ndi galimoto ya mawaya ija amaguguza mwana wanu, imene anaipanga yekha osapempha ndalama zakunja kwa munthu. Ichi ndi N gauge. Mpata wa njanji yake ndi mamilimita 9, ndipo kasitimako anachita kuchepetsa sitima yeniyeni ka 150, osaiwala ndi zitseko zomwe. Opanga ake otchuka ndi Kato ndi Tomix. Mayina awiriwa muwalowe pamtima ngati katekisimu, muziwatchula pabawo, kuchigayo ngakhale pasiwa. Wina akakufunsani ngati feteleza mwagula chaka chino, mumuyang'ane mwachifundo nkumuyankha kuti Tomix.

Chachiwiri ndi magetsi, paja walira mvula walira matope. Kasitimaka kamakoka mphamvu kuchokera m'njanji zake momwemo, ndipo kamafuna mavoti osaposa 12. Mwayi wake! Batire la sola lija ndi la 12 ndendende. Lichotseni pababu, ana aziwerenga ndi tochi ya foni. Mayeso a Sitandade 8 amabwera chaka ndi chaka, koma kasitima nkamodzi. Ngati kwanu mawaya anafika, ndiye mwalemera. Magetsi akathima, kadzaima pakati pa mphasa osanena chifukwa, osapepesa, ndipo apo mudzakhala ndi chinthu chimene ngakhale a ku Tokyo alibe: sitima ya ku Japan ya khalidwe lakwathu.

Pa nkhani ya khalidweyi mpofunika kulimbapo dzanja. Mu Novembala 2017 kampani ya ku Japan yoyendetsa Tsukuba Express inapepesa dziko lonse chifukwa sitima yake inanyamuka masekondi 20 nthawi isanakwane. Mwano wotere musaulole pakhomo panu. Kasitima kasanyamuke kasanadzaze. Lembani mwana mmodzi akhale woitanira, azikuwa kuti "Mchinji, Mchinji, watsala mmodzi!" kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa. Musati za ku Japan sizimva mwambo. Sienta inabwera kuno ndi mipando 7, lero ikunyamula anthu khumi ndi awiri, matumba a mbatata ndi mbuzi kubuti, adalaivala atakhala ndi tako limodzi. Ngati iyo inaphunzira, kasitima kangakanike bwanji?

Zina nzodziwikiratu. Fumbi la mwezi wa Okutobala ndi mdani, makoswe ndi adani, ana ndiye osakamba. Katsekereni m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi ya ukwati. Mtengo wake mayi akunyumba asaudziwe, muziti anakupatsani abwana. Ndipo chonde osakayendetsa usiku. Chinthu choyaka nyali, choyenda chokha popanda wochikhudza, mudzakachifotokoza motani kwa amfumu?

Koma ndisanamepo, chimene chikundiwawa si alamu anga. Njanji yeniyeni ili pompano, ikudutsa m'minda mwathu kuchokera ku Kanengo kupita ku Mchinji. Inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 anailumikiza mpaka ku Chipata. Mpata wake ndi mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji zambiri za ku Japan, kuphatikizapo ya Yamanote imene imazungulira mzinda wa Tokyo usana wonse. Chitsulo nchimodzimodzi. Koma kuno kuli anthu okula ndithu, a ndevu ndi ana awo, amene sitima ya anthu sanaikwerepo. Amangoidziwa njanji ngati njira yachidule yopitira kudimba. Amayi a tomato amapanikizana pa msewu wa M12, dengu kulipira kuposa mwini wake, njanji ili phee kuseri kwa udzu. Wofuna kukwera sitima apite kaye ku Balaka kapena ku Limbe, akakwere ya ku Nayuchi, nayonso ya dizilo. Sitima yaliwiro ya Shinkansen inayamba kuyenda pakati pa Tokyo ndi Osaka pa 1 Okutobala 1964, ife tili ndi miyezi itatu yokha chilandirireni ufulu. Tinayambira limodzi kuwerenga zaka. Anzathu a ku Tanzania, amene sitingati ali kutsidya kwa nyanja yamchere, mu 2024 anayamba kukwera ya magetsi kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma.

Basi, ndapsa mtima, tibwerere ku malangizo. Mukafuna chithunzi chokongola choika pa Facebook, nyamulani kasitimako mukakaike pa njanji yaikuluyo dzuwa likamapendeka, mugone chafufumimba nkujambula chapansipansi. Abale a ku Joni adzaona ngati chitukuko chafika ku Namitete. Mukamva kulira chakutali, nyamulani msanga muthawe, imeneyo ndi ya katundu, ndipo inu ngakhale mutaimika dzanja chotani, si inu simenti.

Alamu akuti Loweruka likubwerali akayendetsa pakhonde pawo nthawi ya 2 koloko masana, ndipo nthawiyo ndi ya ku Japan. Ofuna kudzaona sitima ya anthu ikuyenda pa Msundwe, bwerani ndi batire lanu.