Ngolo ya Alamu a ku Kawale

Mu Lilongwe muno njinga yakapalasa sifunsidwa maganizo. Kaimeni m'mamawa pa msewu wa ku Likuni, cha ku Chinsapo, muone anyamata a makala akulowa m'tauni kuchokera ku Dzalanyama: matumba osanjikizana mpaka mwini njinga osaoneka, iye ali pambali kukankha, thukuta lili kamukamu. A njinga za Buffalo amati kaliyala wawo amasenza makilogalamu 100. Kwathu kuno nambala imeneyo ndi poyambira chabe. Bedi, malata, mbuzi ziwiri, makireti a zakumwa, apongozi ndi chikwama chawo, zonse zimakwera pa kaliyala ndipo palibe amene amacheuka. Koma wina angoyerekeza kukoleka kangolo kumbuyo kwa njinga, kuti katundu ayende mwaulemu pa matayala akeake, dera lonse limasiya ntchito.

Amene anayerekeza ndi alamu anga a ku Kawale 2. Iwowa amabwereketsa zokuzira mawu pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya chitsitsimutso: masipika awiri akuluakulu, ampu, kajenereta ndi mtolo wa mawaya omata ndi mapepala a shuga. Kale ankachita hayala kagalimoto. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta nawo n'kukwera, wagalimoto anayamba kutchula mtengo woposa umene eni chinkhoswe alipira. Alamu anawerengetsera pa chikuto cha kope la mwana, n'kulengeza pa nsima kuti akapangitsa ngolo.

Zogula zopangidwa kale zimapezeka. Ku Blantyre kampani ya Sakaramenta inatchuka ndi ngolo zokoka pa njinga, makamaka maambulansi aja amene mabungwe amagawa m'midzi. Koma kwa mwamuna wa ku Kawale, Mchesi ali pafupi chonchi, kugula chinthu chothaitha n'kudzinyoza. Analunjika kwa wowotcherera wina amene shedi yake ili pakati pa okhoma masofa ndi okhoma mabokosi a maliro.

"Zimenezo ndiye timapanga tsiku ndi tsiku, bwana," anatero mkuluyo, amene ngolo ya njinga anali asanaigwirepo chibadwire. Anakankhira magalasi akuda pachipumi, aja ogula kwa mavenda, n'kujambula pulani pansi ndi kachitsulo kotsala powotcherera. Pulaniyo inafufutidwa ndi nkhuku madzulo omwewo. Dipoziti inaperekedwa. "Mubwere Lachisanu."

Anthu a m'tauni muno tonse timadziwa kuti mmisiri akati Lachisanu satchula la mwezi uti. Lachisanu loyamba magetsi anali atazima. Lachisanu lachiwiri mmisiri anali ku maliro ku Mitundu, ndipo zikuoneka kuti dipoziti inamuperekeza. Lotsatira, mapaipi a alamu anapezeka atasanduka mabagala a mawindo a munthu wina wa ku Area 23 amene analipira zonse pamodzi. Alamu sanakalipe. Mmisiri amene wasunga ndalama zako sakalipiridwa; umamufunsa za ana, n'kumugulira chimanga chootcha.

Tsiku limene ntchito inayambadi, akatswiri anatulukira. Amadala a pa bawo anasiya masewera n'kuzungulira shedi, manja kumbuyo. Wina anati paikidwe tayala limodzi la wilibala. Wina anati ayi, akagule a njinga yamoto ku Biwi, kumene kulibe chitsulo chimene chimasowa. Wachitatu, amene anakhalako ku Joni ndipo salola kuti tiiwale, anati kumeneko chinthu chotere sichiyenda popanda nambala. Mawu anzeru anachokera kwa kamnyamata kokonza njinga pansi pa mtengo, kamene palibe anakafunsa. Kanati matayala akhale ang'onoang'ono, a njinga za ana aja a mainchesi 20, chifukwa masipoko aafupi sapindika msanga ndipo katundu akakhala pansi ngolo sigubuduka. Kanatinso katundu wolemera azikhala pamwamba penipeni pa matayala, ndipo polumikiza ngolo ndi njinga pasakhale pouma, paikidwe chidutswa cha tayala lakale la galimoto kuti njinga izitha kupendekeka pokhota.

"Iwe, unayamba wawotchererapo chiyani?" anatero mmisiri, n'kuwotcherera mkono wa ngolo ku felemu ya njinga, gwa!

Poyesa, pa msewu wowongoka zinayenda bwino ndithu, amadala mpaka kuwomba m'manja. Pa kona yoyamba alamu anapendekeka, njinga inakana, ndipo onse atatu, munthu, njinga ndi ngolo, anakalowa m'ngalande mwadongosolo. Mawa lake chidutswa cha tayala chinaikidwa, ndipo mmisiri anafotokozera aliyense wodutsa kuti nzeru imeneyi anaitulukira yekha usiku ali kugona.

Za mabuleki anazidziwira pa mtsetse wotsikira ku mtsinje wa Lilongwe. Ngolo yodzaza sikokedwa pa mtsetse, imakankha. Timabuleki ta njinga tinalira kenaka tinangokhala chete, ndipo chimene chinapulumutsa masipika ndi chidendene cha nsapato ya kutchalitchi.

Ngolo italowa m'Kawale, ana anaithamangira akukuwa kuti, "Ambulansi! Ambulansi!" Amayi a pa mpopi anatula zidebe. "Kodi wadwala ndani kwanuko? Pepanitu ndi matendawa." Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo: "Madala, msewuwu si wa agogo anu!" Anyamata a kabaza anachita kamsonkhano pa siteji, poopa kuti munthuyu ayamba kunyamula anthu anayi ulendo umodzi. Aneba a kuseri, bambo wa mawu ambiri, anaizungulira kawiri, n'kuimenya ndi phazi pa tayala, n'kunena kuti umphawi ukafika pena umayamba kuoneka pagulu.

Anebawo ndi amene anali oyamba kudzabwereka.

Kubwereka kwa m'tauni kuli ndi mwambo wake, ndipo ine ndimakusilira. Munthu sayamba ndi chimene wadzera. Amayamba ndi odi, n'kukana mpando kawiri, n'kukhala. Amafunsa za ana mmodzimmodzi, za mayi a kunyumba, za mvula ya kumudzi, n'kudandaula mtengo wa chimanga. Atadzuka kale, atatsanzika, phazi limodzi lili kunja kwa mpanda, m'pamene amatembenuka: "Paja kangolo kaja kali pompano eti? Mphindi zochepa chabe, achimwene." Ukazengereza amakukumbutsa kuti kupatsa n'kuika. Kumene anthu a ku Kawale akhala akuikira alamu anga, nkhokwe yake iyenera kuti inasefukira.

Mipopi ikauma, ngolo imapita kukasaka madzi ndi zigubu za mabanja anayi. Kukagwa maliro imatuta nkhuni ndi mabenchi, ndipo pamenepo palibe zokambirana, chifukwa amfumu amaona amene wathandiza ndi amene waumira, ndipo tsiku lako likadzafika anthu adzangokhala pa mseu n'kumakuyang'ana. Mkulu wa mpingo anaitenga kuti akanyamulire "timabuku", inabwera itayera ndi simenti. Matumba anayi a makilogalamu 50, kuwerengetsa kwake n'kosavuta, ndipo tayala lakumanzere linayamba kuyenda movina. Mkuluyo anati linali choncho kale. Zonse zobwerekedwa mu Lilongwe zimakhala kuti zinali choncho kale.

Choopsa chinachitika kumapeto kwa mwezi. Mnyamata wina wa nyumba za lendi anagogoda usiku, mwaulemu kwambiri, kuti akufuna kukatula kakatundu kwa mlongo wake. M'mawa kunapezeka kuti kakatunduko kanali matiresi, mbaula, wailesi, mkazi ndi mwana, ndipo lendi ya miyezi itatu inapita nawo limodzi. Ngolo anaibweza ndithu, m'bandakucha, mnyamata wolongosoka. Koma usikuwo kunawaza kamvula, ndipo mwini nyumba za lendizo sanavutike kufufuza: anangotsata mizere itatu ya matayala kuchokera pa khomo lopanda kanthu mpaka pa khomo la alamu. Nkhani inakathera kwa amfumu, kumene anagamula kuti ngolo ilibe mlandu, koma mwini wake apepese ndi nkhuku.

Alandilodi a alamu nawo anamva. Anabwera Lamulungu masana atavala jekete, n'kunena kuti akuthokoza Mulungu poona kuti anthu okhala pamalo pawo akutukuka mpaka kugula zoyendera, ndipo poti chinthucho chimagona pabwalo lawo, lendi isintha pang'ono. Kumudzi ku Dedza mbiri inafika itanenepa: amalume anaflasha katatu, ndipo alamu ataimba anauzidwa kuti lole imene agulayo ikatenge feteleza wa banja lonse.

Kuyambira pamenepo ngolo inayamba kuyenda m'manja ngati mbale ya chopereka, kungoti mbale imabwerera kutsogolo. Wobwereka ankabwereketsa mnzake, mnzakeyo n'kubwereketsa mlamu wake, aliyense akulandira zikomo ngakhalenso kangachepe.

Loweruka lina alamu anali ndi chinkhoswe ku Area 23, masipika afike isanakwane 1 koloko. Anayamba ndi aneba a kuseri, amene anati ili kwa mkulu wa mpingo. Mkulu wa mpingo anati anaipereka kwa mayi wa kaunjika, mwachifundo. Mayiyo analoza ku Biwi. Kumeneko anaipeza kuseri kwa garaja ina, itapakidwa penti yobiriwira, kumbuyo kwake atalemba nambala ya foni ya munthu wina. Bambo wamimba anatuluka akutsuka m'kamwa.

Alamu anapereka moni, anafunsa za ana, anadandaula mtengo wa chimanga. Kenaka anati, "Paja kangoloka kali ndi ntchito lero, akuluakulu?"

Bamboyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato yakutha chidendene ija. "Tikubwerekani poti mwabwera mwaulemu. Koma ifike pano isanakwane 4 koloko, ndipo musaike zolemera. Eni ake ndi munthu wovuta kwambiri, wa ku Kawale."

Alamu anathokoza ndi manja awiri, n'kupempha ngati angawonjezereko ola limodzi, poti zinkhoswe za ku 23 zimachedwa kutha.