Batani lokumbutsa alamu ngongole

Akatswiri opanga mapulogalamu a pafoni akuti akufuna kupeputsa moyo wa anthu odzilemba okha ntchito: ojambula zithunzi pa maukwati, ophika makeke, osoka, oimba. Cholinga ndi chabwino ndithu. Koma pulogalamu yawo isanakulole kulowa, imafuna imelo, chithunzi cha chiphaso, ndi pasiwedi yokhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi kanyenyezi. Pofika pa kanyenyezipo, bandulo yatha.

Chonsecho telala wa ku Ndirande anathana nazo kalekale. Ntchito zake amaonetsera pa status ya WhatsApp, ngakhale kuti zimafufutika pakatha maola 24, ngati kuti diresilo analisokera kumaloto. Ndalama amalandirira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo *211# ndi *444# zimayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani kong'aluka galasi, komanga ndi mphira. M-Pesa nayo inayamba chomwechi ku Kenya mu 2007, yopanda zokometsera.

Amene sanakonzedwebe ndi kasitomala. Alipo uja wotumiza ndalama ndendende, osaikapo yochotsera kwa ejenti. Wina amalemba kuti "ndatumiza, mwina ndi netiweki," kenaka zii mpaka mwezi kutha. Ovuta zedi ndi achibale, amene malipiro awo ndi akuti "tidzakutchulani kwa anzathu."

Ndiye inu opanga mapulogalamu, mitundu yowalayo isiyeni kaye. Tipatseni batani limodzi lokumbutsa alamu ngongole ya keke mwaulemu, uthenga wake uzioneka ngati makina angoutumiza okha, kuti pa chinkhoswe tidzapatsanebe moni.