Ndani Wadya Mayunitsi?

(Malo: nyumba ziwiri za lendi zogundizana khoma ku Chitakale, m'boma la Mulanje. Mita ya magetsi ndi imodzi. Ndi mbandakucha wa mu Julayi. Mvula yowaza ikumveka pa malata, tambala akulira patali, kenako mita: tii! tii! tii! Wina akumenya chitseko.)

BAMBO A YANKHO: Odi! Odi kuno aneba! Amake Tadala, tadzukani mudzamve mmene ikulirira.

MAI A TADALA: (ali m'kati) Wamwalira ndani mbandakucha uno?

BAMBO A YANKHO: Mayunitsi. Bwerani mudzakhuze, maliro ake ndi anu.

(Chitseko chikutseguka, mphepo ikulowa.)

MAI A TADALA: Iii, kuzizira kwakeku! Abambo a Yankho, simukanadikira dzuwa?

BAMBO A YANKHO: Dzuwa la mu Julayi ku Mulanje kuno? Tidikira mpaka Ogasiti. Taonani apa. Loweruka tinasonkherana, ine theka inu theka, n'kuthira mayunitsi 100. Lero Lachinayi. Pakuoneka chiyani?

MAI A TADALA: Atatu.

BAMBO A YANKHO: Atatu! Mu Epulo 100 omwewa ankatifikitsa milungu itatu. Ndiye tinene kuti mita yayamba kudyera ndiwo?

MAI A TADALA: Mukufunsa ine chifukwa ndinabadwa nayo?

BAMBO A YANKHO: Ndikufunsa chifukwa mphuno ndili nayo. Lolemba nyemba. Lachitatu nyemba. Khoma ili likanakhala ndi pakamwa bwenzi likugeya. Nyemba zouma gwa, pa hotipuleti, kuyambira masana mpaka nkhani za usiku!

MAI A TADALA: Mwatha? Tsopano ndifunse ine. Chitakale yonse yavala majuzi awiriawiri. Othyola tiyi adutsa apa atakulunga mitu ngati akupita ku Sapitwa. Inu mwatuluka ndi vesiti, pamphumi pali thukuta. N'chiyani chikukufunditsani?

BAMBO A YANKHO: Ndi magazi. Munthu amene anakhalako ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri saopa kachisanu aka.

MAI A TADALA: Magaziwo ndi amene amalira usiku wonse kuti huuu, ngati chigayo cha dizilo? Ndi amene amawala psuu pansi pa chitseko chanu? Mphaka wanga anasamuka Lamlungu. Ndamuitana ndi usipa, wakana. Mphaka sanama, abambo. Amapita kofunda.

BAMBO A YANKHO: Aaa, kahita kaja? Kameneko musakawerengere. N'kakang'ono, kuchepa kuposa wailesi.

MAI A TADALA: Tsabola wa kambuzi nayenso ndi wamng'ono. Katengeni.

BAMBO A YANKHO: Katundu wanga wa ku Johannesburg saonetsedwa pabwalo ngati mbuzi ya pamsika.

MAI A TADALA: Katengeni, apo ayi ndikadzutsa alandilodi adzakatenge okha.

(Mapazi. Chitsulo chikukhwekhwerezedwa pa simenti.)

MAI A TADALA: Mayo ine! Kameneka ndi kamene mumati kakang'ono? Tembenuzani. Pukutani fumbilo. Werengani palembedwapo.

BAMBO A YANKHO: Magalasi ndasiya m'nyumba.

MAI A TADALA: Ndikuwerengerani. 2000W. Mawatsi 2,000. Yunitsi imodzi ndi mawatsi 1,000 akayaka ola lathunthu. Ndiye chilombo chanuchi chimameza mayunitsi awiri pa ola. Mumayatsa nthawi yanji?

BAMBO A YANKHO: Cha m'ma 9 koloko, kuti mabulangete amve kukoma.

MAI A TADALA: N'kuthimitsa?

BAMBO A YANKHO: Ndikamadzuka. Cha m'ma 5.

MAI A TADALA: Maola asanu ndi atatu. Mayunitsi 16 usiku umodzi. Kuchokera Loweruka mwagona kasanu. Ndi 80 amenewo, abambo a Yankho. Pa 100 paja, 80 mwafunda inu nokha ndi mphaka wanga.

BAMBO A YANKHO: Masamu a kumsika amenewo, owerengera nanazi. Hita iyi ndi yanzeru. M'nyumba mukatentha imathima yokha, thapu! Kukazizira n'kuyakanso. Azungu anaiika kachipangizo, amati themositati.

MAI A TADALA: Inathima liti komaliza?

BAMBO A YANKHO: (akutsokomola) Kanavuta chaka chatha. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina ku Limbuli. Anati kachipangizoko kulibe, koma iye adziwa chochita. Anangolumikiza mawaya molambalala.

MAI A TADALA: Ndiye anaichotsa mabuleki.

BAMBO A YANKHO: Anaikonza! Chiyambire pamenepo siinathimepo.

MAI A TADALA: Ndi zimene ndikunenazo. Ndipo taonani pulagi yake, mbali imodzi yasungunuka ngati kandulo. Tsiku lina mudzatiwotcha tonse, khoma ndi limodzi. Komanso ngakhale kachipangizoko kakanakhala kamoyo, m'nyumba mwanumo kakanathima bwanji? Siling'i mulibe. Kutentha kumakwera m'mwamba, kukafunditsa malata ndi akhwangwala. Zenera lakuchipinda magalasi awiri anasweka, munatsekapo ndi katoni ya sopo, katoniyo inanyowa n'kugwa. Pansi pa chitseko nkhuku ikhoza kulowa osawerama.

BAMBO A YANKHO: Ndi chiperoni ameneyo. Wachokera ku phiri lake ku Mozambique, walowa pa Muloza wopanda pasipoti, ndiye mumuletsa ndinu?

MAI A TADALA: Ine ndinamuletsa ndi chiguduli pansi pa chitseko ndi katani yokhuthala. Inu mukulimbana naye ndi ndalama zanga. Mukutenthetsa boma lonse, kuyambira Likhubula mpaka pansonga pa phiri, mamita 3,002. Hita yanu ikufunika Kapichira yakeyake.

BAMBO A YANKHO: Mwina ndi mita yomwe. Zinthu za masiku ano zimathamanga.

MAI A TADALA: Tiyese. Ndathimitsa zonse kwanga. Kwanu kuli chiyani choyaka?

BAMBO A YANKHO: Kababu kamodzi.

MAI A TADALA: Ka mawatsi 9. Kameneko kayake maola 100, sikamaliza ndi yunitsi imodzi yomwe. Onani kanyale kofiira ka pa mita. Kakuphethira bwanji?

BAMBO A YANKHO: Mwaulemu. Ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

MAI A TADALA: Pulagani hita.

(Kulira kwa hita: huuu.)

BAMBO A YANKHO: Eee! Eee! Kakuvina tchopa! Zulani, zulani msanga, atsala awiri!

(Hita ithima. Kachetechete pang'ono.)

BAMBO A YANKHO: Chabwino. 80 ndavomera ndi dzanja limodzi. Nanga 17 enawo? Tibwerere ku nyemba.

MAI A TADALA: Munthu asadye?

BAMBO A YANKHO: Adye, koma anyike kaye. Amayi anga ankanyika nyemba m'madzi usiku, kukacha sizichedwa pamoto. Inu mumangozithira zili gwa ngati miyala ya mu Ruo. Ndipo poto wanu ndinamuona pa thandala. Kunsi kwake n'kotupa ngati chipande. Akakhala pa hotipuleti amagunda pakati pokha, moto wonse n'kumathawira m'mbali. Chivundikiro chili kuti?

MAI A TADALA: Tadala anachisandutsa chiwongolero cha galimoto.

BAMBO A YANKHO: Mwaona! Nthunzi yonse ulendo wa kudenga, inu n'kumawonjezera madzi ozizira, poto n'kuyambanso kuwira pachiyambi. Hotipuleti ya mawatsi 1,500, maola anayi. Masamu anu omwe aja, ndi angati?

MAI A TADALA: Asanu ndi imodzi.

BAMBO A YANKHO: Kawiri pa mlungu, 12. Anyani kusekana zikundu, amake Tadala.

MAI A TADALA: Chikundu cha 12 ndi cha 80 n'zosiyana kufiira kwake. Ndipo musadandaule, kuyambira lero ndibwerera pa mbaula.

BAMBO A YANKHO: Mbaula iti? Ija ili kuseri kwa bafa? Mwezi watha munalalatira mnyamata wa njinga kuti thumba la makala latha milungu iwiri, akuti anakuikirani zinyenyeswa pansi.

MAI A TADALA: Anaikadi. Ndipo anali onyowa, utsi okhaokha.

BAMBO A YANKHO: Zinyenyeswa zinalipo, sindikukana. Koma mbaulayo ndi nkhalamba. Dothi la m'kati linagumuka, chatsala n'chitsulo chokha, moto umangotulukira m'nthiti. Timabowo tina tinatsekeka ndi phulusa la chaka chatha, kwina kunabooka chibowo choti makala amagwera pansi asanapse. Kachitseko kam'munsi kanathothoka, ndiye mphepo imangopemerera osapuma. Mumaphikiranso pamtetete. Makala ake ati angapirire? Ndipo mtengo wake mukuudziwa chikhwimitsireni lamulo la nkhalango mu 2020.

MAI A TADALA: Ndiye mwasanduka mlangizi? Munthu wofunditsa akhwangwala?

BAMBO A YANKHO: Ndikungokuthandizani. Gulani Chitetezo mbaula, youmba ndi dothi ija. Inayambira konkuno ku Mulanje, anthu akutali n'kumadzaphunzira, eni akefe tili duu. Mitengo ya nandolo ingapo, zitsononkho pang'ono, nsima yapsa. Mukakolola nandolo kumunda kwanu kuja mitengo mumaisiyira chiswe.

MAI A TADALA: Imeneyo ndiganizira. Osati chifukwa mwanena ndinu.

BAMBO A YANKHO: Ndiye poti hita mwailanda udindo, madzulo mundigawireko makala. Ndiika mbaula pafupi ndi bedi, nditseke zenera ndi katoni yatsopano, chiguduli pansi pa chitseko monga mwanenera, ndigone ngati bwana.

MAI A TADALA: (mwaukali) Abambo a Yankho, pamenepo pokha ndisamve! Zoseka zithere pa mayunitsi. Mpweya wa makala sununkha, suoneka. Umayamba ndi litsipa ndi chizungulire, munthu n'kumati ndi tulo, osadzukanso. Chaka ndi chaka nyengo ino timamva pa wailesi mabanja apezeka ali gone m'nyumba yotseka, mbaula ili pambali. Mbaula muothere pakhonde, ikatha ntchito itsale panja.

BAMBO A YANKHO: Kani mumandikonda chonchi, aneba?

MAI A TADALA: Muli ndi ngongole yanga ya mayunitsi. Mukafa andibwezera ndani?

BAMBO A YANKHO: Nanga ndifunde chiyani? Mafupa anga si a dzana.

MAI A TADALA: Ndalama ya mayunitsi 80 mukaigwira m'manja, ku Limbuli komweko pa kaunjika mubwerako ndi bulangete, chipewa ndi masokosi, zoti mufunda mpaka chaka cha mawa. Thirani madzi otentha m'botolo lolimba, mukulunge ndi nsalu, muike kumapazi. Hita mukaifuna, ikonzedwe kaye ndi wodziwa, muyatse theka la ola musanagone, basi.

BAMBO A YANKHO: Theka la ola! Ku Joni...

MAI A TADALA: Ku Joni ankalipira abwana anu.

(Mita: tii! tii! tiiii! Kenako phethe. Wailesi ya m'nyumba ina ithima pakati pa nyimbo.)

BAMBO A YANKHO: Aaa! Si paja anatsala awiri?

MAI A TADALA: Kwanga zonse n'zothima. Kwanu mwati kuli kababu kokha.

BAMBO A YANKHO: (motsitsa mawu) Amake Yankho amatenthetsa madzi osamba nthawi ngati ino. Ndi kachitsulo koviika m'ndowa kaja. N'kakang'ono.

MAI A TADALA: Nakonso n'ka ku Joni?

BAMBO A YANKHO: Zinabwera m'chikwama chimodzi. Tandibwerekani foni, ndigule mayunitsi pompano.

MAI A TADALA: Foni yathima, ndimati nditchaje m'mawa uno. Mugula 88, ine 12, risiti ndiione ndi maso anga. Wogulitsa pa siteji amatsegula 7 koloko. Kavaleni juzi, ndipo pobwera mundibwezere mphaka wanga.