Labu ya mufiriji

Sayansi ndinaisiyira ku Fomu 2, koma adokotala atangotchula kuti ku Johannesburg kuli zipatala zomwe zimaumitsa umuna n'kuusunga kuti udzathandize mabanja osowa mphatso ngati lathu, ndinatuluka muofesimo ndili kale pulofesa. Usiku womwewo ndinawerenga pafoni kuti kuzizira kumavulaza mbewu ya abambo, ndipo ma antioxidant monga vitamini C ndi E amaiteteza. Bandulo inathera pomwepo, koma ndinati zotsalazo ndi common sense.

Ndinayambira pakamwa: malambe, bwemba, chidede, n'kuwonjezapo gondolosi yemwe sanatchulidwe paliponse koma ndinati asadandaule, mpaka pa workshop ina ku Capital Hotel ndinadziwana kwambiri ndi chimbudzi kusiyana ndi anzanga a pagulu, tayi ili paphewa, thukuta lili kamukamu. Kenaka ndinatulukira kuti mavitaminiwo amawathira m'madzi osungiramo mbewuyo, osati m'mimba mwa mwini wake.

Ndiye ndinapeza kabotolo, ndinachita zoyenera kuchita, ndinafinyiramo kapisozi wa vitamini E, n'kukabisa mufiriji ya kwathu ku Area 11 pakati pa chambo ndi mafirizesi, ndipo kuti wina asakakhudze ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti MANKHWALA A MAKOSWE, osaganiza kuti apongozi anga, omwe anabwera kudzationa Loweruka, amadziwa kuwerenga ndipo amakonda moyo wa mwana wawo. Anataya zonse, nsomba, nkhuku, nyama ya mwezi wathunthu, ine ndikuthandiza kunyamula, kukamwa kuli gwa.

Ndinayambiranso. Ulendo uno kabotolo katauma mufiriji ndinakafika nako ku labu mu cooler box, ndikuyenda monyang'wa. Mayi wa pa maikulosikopu anayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, muno mulibe ngakhale imodzi yogwedeza mchira. Munatani?"

Ndinafotokoza ndikuyang'ana nsapato zanga. Iwo sanaseke, zomwe zinandipweteka koposa. Anati firiji ya kunyumba imalekezera cha pa madigiri -18, ndipo madzi a m'maselo amasanduka timiyala ta ayezi tong'amba chilichonse. Odziwa ntchito amasunga mu nayitrojeni wamadzi pa -196, atasakaniza ndi glycerol, yemwe Christopher Polge ndi anzake anamutulukira mphamvu yake ku London mu 1949 poyesa umuna wa atambala. Antioxidant ndi kachiwonjezero koyezedwa bwino, kochepetsa kuwonongeka kwa khungu la selo ndi DNA pouma ndi posungunuka. Ngakhale umuna wa nkhunzi wobereketsera ng'ombe zamkaka kuno kwathu umayenda m'mathanki a nayitrojeni. Ndiye kuti tambala wa 1949 anasungidwa mwaulemu kuposa ine.

Anandipatsa kabotolo kena, nati ndidzabwere nako lisanathe ola limodzi, kali m'thumba la shati, kotentha. Pofika kunyumba ndinapeza apongozi atitumizira mphaka.